PSFS ya ku Philadelphia: banki imene inafa nyumba yake n'kutsala

Pamphambano ya misewu ya Market ndi 12th, pakatikati pa mzinda wa Philadelphia ku America, pali nyumba yosanja yotalika mamita pafupifupi 150. Pamwamba pake pali zilembo zinayi zikuluzikulu, PSFS, zomwe usiku zimawala mofiira. Mlendo angayese kuti ndi dzina la eni nyumbayo, koma m'katimo muli hotela ya Loews. Zilembozo ndi za banki yotchedwa Philadelphia Saving Fund Society, imene boma linatseka pa 11 December 1992 itagwira ntchito zaka 176.

Banki imeneyi inapyola nkhondo yapachiweniweni ya ku America ndi nkhondo ziwiri zapadziko lonse osagwedezeka. Inapulumukanso kugwa kwa chuma kwa m'zaka za m'ma 1930, kumene kunameza mabanki pafupifupi 9,000 m'dzikomo, ndipo nsanja yakeyo inamangidwa m'kati mwa mavuto omwewo. Nanga zinatani kuti idzagwe pa nthawi imene kunalibe nkhondo, anthu ali pantchito, masitolo akugulitsa? Yankho lagona pa mmene banki yosunga ndalama za anthu wamba imapezera phindu. Amene wamvetsa zimenezo amvetsanso chifukwa chake nyumbayo anaimanga momwe ililimu.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, mabanki a ku America anali a amalonda akuluakulu, eni zombo ndi eni minda. Wochapa zovala, wantchito wa m'nyumba kapena wotsitsa katundu padoko analibe kosungira tindalama take koma m'bokosi kapena pansi pa mphasa, komwe akuba, moto ndi mowa zinkatipeza mosavuta. Ku Scotland, m'busa wina dzina lake Henry Duncan anali atayambitsa kabanki ka anthu osauka m'mudzi wa Ruthwell mu 1810, ndipo mbiri yake inawoloka nyanja. Wamalonda wa ku Philadelphia, Condy Raguet, atawerenga za mabanki oterewa anasonkhanitsa anzake, ndipo mu December 1816 PSFS inayamba kulandira ndalama. Boma la Pennsylvania linaivomereza mwalamulo mu 1819. Woyamba kusungitsa anali munthu wakuda amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa Raguet yemweyo.

Chofunika kuchigwiritsa bwino ndi ichi: bankiyi inalibe eni masheya. Panalibe munthu amene kumapeto kwa chaka ankayembekezera gawo lake la phindu. Inkayendetsedwa ndi bungwe la akuluakulu a mumzindamo, ndipo phindu lotsala likachotsedwa zolipira antchito linkabwerera kwa osungitsa monga chiwongoladzanja, kapena kuikidwa padera kuti likhale chitetezo pa tsiku la mavuto. Amene amadziwa banki m'khonde sangavutike kumva mtima wake, ngakhale kuti kuno osungitsa sankabwerekana okhaokha kapena kusankha atsogoleri. Ndalama zawo ankagulira zikalata za ngongole za boma ndi za makampani a njanji, zina n'kubwereketsedwa kwa ogula nyumba, nyumbayo ili chikole.

Kwa zaka zoposa 100 ntchito inali yomweyo, ndipo inkayenda. Anthu obwera kuchokera ku Ireland, Germany, Italy ndi kum'mawa kwa Ulaya ankatsegula mabuku awo kumeneko. Amayi ogwira ntchito m'nyumba za olemera anali ambiri pakati pa osungitsa. Mu 1869 bankiyi inalowa m'likulu lake lamiyala pa msewu wa Walnut, moyang'anana ndi bwalo la Washington Square. M'zaka za m'ma 1920 inayamba kupita m'masukulu, ana n'kumabwera ndi makobiri awo kudzalembetsa m'kabuku, ndipo mibadwo ingapo ya anthu a ku Philadelphia inakula ikudziwa kuti buku loyamba la ku banki ndi la PSFS.

Chifukwa chake anamanga nsanja

Pofika m'ma 1920, mtima wa malonda mumzindawu unali utasunthira kumadzulo, m'mbali mwa msewu wa Market, kumene kunali masitolo akuluakulu monga la Wanamaker ndi siteshoni ya sitima ya Reading Terminal. Wosungitsa wa PSFS sanali bwana wobwera pa galimoto. Anali mayi wotsika sitima kudzagula nsapato za ana, kapena kalaliki wothamanga pa nthawi ya nkhomaliro. Banki inayenera kumutsatira komweko. Koma malo a pa Market anali okwera mtengo kwambiri, moti kumangapo kanyumba ka banki kokha kukanakhala kuwononga ndalama za osungitsa. Malowo anayenera kudzilipira okha.

Mkulu wa bankiyi pa nthawiyo anali James M. Willcox, ndipo katswiri amene anamupatsa ntchito yojambula mapulani anali George Howe, yemwe anali atajambulira kale bankiyi nthambi zingapo. Howe anaphunzira ku Harvard ndi ku Paris, ndipo anatchuka pomangira anthu olemera nyumba zooneka ngati zamakedzana. Koma mtima wake unali utatembenuka. Mu 1929 anagwirizana ndi William Lescaze, mnyamata wochokera ku Switzerland amene anaphunzira ku Zurich, wodziwa kamangidwe katsopano kamene kankafalikira ku Ulaya: kopanda zokongoletsa zomata, kodalira chitsulo ndi galasi, komwe maonekedwe a nyumba amachokera ku ntchito imene ikuchitika m'kati.

Kuti timve kulimba mtima kwa chosankhachi, tikumbukire mmene banki inkaonekera masiku amenewo. Inkamangidwa ngati kachisi wa Agiriki kapena Aroma, ndi nsanamira zamiyala zonenepa, masitepe aatali ndi zitseko zolemera, kuti wodutsa aone kuti ndalama zake zili m'linga. Willcox anali munthu wachikulire wosamala, woyang'anira bungwe losamala kuposa iye. Sanakopeke ndi mafashoni a ku Ulaya. Chimene ankafuna kudziwa n'chakuti kodi nyumba yotereyi ikopa alendi, ndipo kodi siidzaoneka yachikale pakapita zaka zochepa. Anakangana ndi akatswiriwo pa chinthu chimodzi chodziwika: iwo ankafuna mizere yopingasa ya mawindo ozungulira nyumba, iye ankafuna kuti diso lizikwera m'mwamba monga zimakhalira pa nsanja zina. Anagwirizana potulutsira nsanamira zonyamula nyumbayo kunja kwa makoma a m'mbali. Zotsatira zake zinakomera onse, chifukwa mizere yoimirira inaoneka, ndipo m'maofesi munatsala malo opanda nsanamira zotchinga.

Chinthu chimene ine ndimachiona chanzeru koposa m'nyumbayi si kutalika kwake koma mmene anaisanjira. Pansi penipeni, pamene munthu angayembekezere kupeza banki, anaikapo masitolo a lendi, chifukwa pamenepo ndi pamene lendi imakwera kwambiri. Kunsi kwake kunali njira yolowera ku sitima zapansi panthaka. Holo ya banki anaikweza pa nsanjika yachiwiri, ndipo makasitomala ankafikako pa masitepe oyenda okha. Ambiri ankaona ngati n'zosatheka kuti banki ichoke pamsewu, koma holoyo inali ndi mawindo aatali okhota motsatira ngodya ya msewu, moti munthu ali panja ankaiona bwinobwino, ndipo m'kati munkalowa kuwala kwa dzuwa pa miyala ya mabo yamitundumitundu ndi zitsulo zosachita dzimbiri. Pamwamba pa holoyo panali maofesi a banki, kenako nsanjika zambirimbiri za maofesi a lendi. Zikepe, masitepe ndi zimbudzi anaziunjika kumbuyo m'chigawo chakechake cha njerwa zakuda, moti nsanjayo ukaiyang'ana kuchokera kumwamba ili ngati chilembo cha T. Pa nsanjika ya 33 panali chipinda cha misonkhano ya bungwe loyang'anira banki ndi chodyeramo, zokutidwa ndi matabwa osowa ochokera kumayiko akutali.

Howe ndi Lescaze sanalekere pa makoma. Anajambula mipando, nyale, zigwiriro za zitseko ndi zina zing'onozing'ono. Mawotchi a m'makonde anapangidwa ndi kampani ya Cartier. Nyumba yonse inali ndi makina oziziritsa mpweya, ndipo inali nsanja yachiwiri ku America kukhala nawo paliponse, pambuyo pa Milam Building ya ku San Antonio. Apa ndi pamene chikwangwani chija chikubwera. Makina oziziritsawo anali ndi zida zazikulu zosaoneka bwino padenga, ndipo zilembo zinayi zija, chilichonse chotalika mamita oposa 8, zinaikidwa pa chimango chobisa zidazo. Usiku zinkaoneka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Kulemba dzina la banki mwachidule chotero chinali chachilendo pa nthawiyo.

Nyumbayi inadya madola pafupifupi 8 miliyoni ndipo inatsegulidwa mu 1932. Chaka chomwecho inaonetsedwa pa chionetsero cha kamangidwe katsopano ku Museum of Modern Art ku New York, chimene anakonza Henry-Russell Hitchcock ndi Philip Johnson. Mpaka lero imawerengedwa kuti ndi nsanja yoyamba ku America yomangidwa m'njira imene inadzatchedwa International Style, njira yomwe pambuyo pa nkhondo yachiwiri inadzaza mizinda ya dziko lonse ndi nyumba zagalasi.

Tisaiwale kuti 1932 chinali chaka chanjala m'mizinda ya ku America. Msika wa masheya unagwa mu October 1929. Mu Philadelphia momwemo, banki ya Bankers Trust inatsekedwa mu December 1930, anthu zikwizikwi ndalama zawo zili m'kati, ndipo inshuwalansi ya boma yoteteza osungitsa, FDIC, inali isanakhazikitsidwe mpaka 1933. PSFS inapirira chifukwa inali isanatchovere njuga ndalama za anthu pa masheya ndi malo. Chikwangwani chake chinkasiyidwa chikuyaka, kuti aliyense woyang'ana kumwamba adziwe kuti banki ilipo.

Zaka za pambuyo pa nkhondo zinali zabata. Anthu ankagula nyumba m'madera atsopano ozungulira mzinda, banki n'kumawabwereka, nthambi n'kumachuluka. Mu 1976 boma linalemba nsanjayi pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko ofunika kutetezedwa.

Msampha wa chiwongoladzanja

Banki ngati PSFS imatenga ndalama zimene mwini wake angazifune mawa, n'kuzibwereketsa kwa munthu amene adzamalize kubweza pakapita zaka 30. Phindu lake ndi kusiyana kwa chiwongoladzanja chimene ikulandira kwa wobwereka ndi chimene ikupereka kwa wosungitsa. Tiyerekeze kuti m'ma 1960 yabwereketsa wogula nyumba pa 6 peresenti, yosasintha mpaka ngongole itatha, pamene osungitsa ikuwapatsa 4. Kusiyana kwa 2 peresenti kukulipira antchito ndi magetsi, kena n'kutsala. Zonse zili bwino malinga chiwongoladzanja cha m'dziko chikhale pamodzimodzi.

Sichinakhale. M'ma 1970 mitengo ya zinthu inakwera kwambiri, mwa zina chifukwa cha kudula kwa mafuta. Pofuna kuthana nazo, banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, motsogozedwa ndi Paul Volcker kuyambira 1979, inalola chiwongoladzanja kukwera kufika pomwe sichinafikepo. Mu December 1980 mabanki ankabwereketsa makasitomala awo odalirika pa 21.5 peresenti. Pamenepo lamulo lotchedwa Regulation Q linkaletsa mabanki osungitsa kupereka zoposa 5.5 peresenti pa buku wamba. Wosungitsa si wopusa. Ataona kuti makampani atsopano oika ndalama pa zikalata za boma akupereka kuwirikiza kawiri kapena kuposa, anayamba kutapa ndalama zake. Kuti amugwire, mabanki anayamba kugulitsa zikalata zosungira za chiwongoladzanja chokwera, ndipo lamulo la 1980 linayamba kuchotsa malire aja pang'onopang'ono. Tsopano banki ikulipira wosungitsa 12 peresenti kapena kuposa, pamene wobwereka uja akubwezabe pa 6 yake, ndipo palibe lamulo lomukakamiza kusintha. Tsiku lililonse banki ikatsegula zitseko, ikuluza.

Onani kuti apa palibe amene waba. Ngongole zinali zabwino, obwereka ankabweza mokhulupirika. Kusamala komweko kumene kunapulumutsa mabankiwa mu 1932, kobwereketsa pa nyumba kwa nthawi yaitali, ndiko kunawakola mu 1981. Mabanki amtunduwu ku New York ndi m'mizinda ina anayamba kugwa.

Ku Philadelphia, imene inafooka kwambiri inali Western Savings Fund Society, mnzake wakale wa PSFS. FDIC inaona kuti kuitseka n'kubwezera osungitsa onse kungadye ndalama zochuluka zedi m'thumba lake. Njira yotsika mtengo inali kupeza banki yamphamvu yoti iimeze. Mu 1982 PSFS inavomera. Vuto linali lakuti ngongole zimene Western inabwereketsa, zikawerengedwa pa mtengo wa msika wa nthawiyo, zinali zochepera kutali ndalama zimene inayenera kubwezera osungitsa. Panali dzenje la madola pafupifupi 800 miliyoni. FDIC inapereka thandizo lina la ndalama, koma chachikulu inalola kuti dzenjelo lilembedwe m'mabuku a PSFS ngati chuma, chimene owerengera ndalama amachitcha goodwill, liziwerengedwa ngati mbali ya mpamba wa banki, ndipo lizifafanizidwa pang'onopang'ono pa zaka zambiri. Mpamba ndi ndalama za banki yeniyeniyo zimene lamulo limafuna kuti zikhalepo zotchinjiriza osungitsa zinthu zikavuta. Kuyambira tsiku limenelo, gawo lalikulu la chotchinjiriza cha PSFS linali lonjezo la boma lolembedwa papepala, osati ndalama zogwirika.

Chuma chapapepala sichibala chiwongoladzanja. Kuti banki ikwirire dzenjelo inayenera kupeza phindu lalikulu msanga, ndipo malamulo atsopano a 1980 ndi 1982 anali atatsegulira mabanki osungitsa mabizinesi amene kale ankaletsedwa. Mu 1983 PSFS inasiya kukhala ya osungitsa n'kugulitsa masheya pamsika. Apa ndi pamene, m'kuona kwanga, bungwe la Raguet linathera, ngakhale zitseko zinatsekedwa patapita zaka zisanu ndi zinayi. Kuyambira pamenepo panali eni ake ofuna kuona phindu likukula chaka ndi chaka. Pakati pa zaka za m'ma 1980 kampaniyo inadzitcha Meritor, dzina lopanda mudzi, losonyeza kuti sikufunanso kudziwika ngati ya Philadelphia yokha. Inagula mabanki ndi makampani obwereketsa kumadera akutali monga Florida, inalowa m'ngongole za nyumba zamalonda ndi za makampani, ntchito zimene akuluakulu ake analibe nazo luso la zaka zambiri ngati la ngongole za nyumba zogona. Msika wa malo ndi nyumba zamalonda utagwa chakumapeto kwa zaka zimenezo, Meritor inaluza madola mamiliyoni mazanamazana.

Oyang'anira mabanki anayamba kuumiriza kuti iwonjezere mpamba weniweni. Njira yokha inali kugulitsa zimene inali nazo. Mu 1990 inagulitsa nthambi 54 kwa Mellon Bank ya ku Pittsburgh, pamodzi ndi ufulu wogwiritsa ntchito dzina la PSFS. Zinali nthambi zabwino, za makasitomala okhulupirika, ndipo banki yotsalayo inali yaing'ono koma yosenza mabala onse. Pa 11 December 1992 boma la Pennsylvania linaitseka n'kuipereka m'manja mwa FDIC, ndipo Mellon inatenga nthambi zotsala ndi mabuku a osungitsa. Mayi wa kabuku kake sanataye kanthu, anangopeza dzina lina pakhomo. Amene anataya ndi eni masheya ndi antchito ambiri. Mu 2001 Mellon nayo inagulitsa nthambi zake kwa banki ya Citizens, ndipo dzina la PSFS linapita nawo.

Nsanja ija inatsala pafupifupi yopanda anthu. Alendi anali atayamba kale kusamuka. Kwa zaka zambiri mumzindawu munali pangano losalemba lakuti pasakhale nyumba yopitirira chiboliboli cha William Penn, woyambitsa mzindawu, chimene chili pamwamba pa likulu la khonsolo ya mzinda, City Hall, koma mu 1987 nsanja ya One Liberty Place inaphwanya panganolo, ndipo nsanja zatsopano zinamera kumadzulo kwa City Hall. Makampani amakono ankafuna maofesi otakasuka okwana antchito mazana pa nsanjika imodzi ndi mawaya a makompyuta. Nsanja ya 1932, yopyapyala kuti desiki iliyonse ikhale pafupi ndi windo, inali yosawakwanira. Mipando ndi zipangizo zina zimene Howe ndi Lescaze anajambula zinayamba kumwazika.

Kupyapyala komweko ndiko kunaipulumutsa. Chipinda cha hotela chimafuna windo ndipo sichifuna kuya, choncho nsanjika yosakwanira kampani ya inshuwalansi imagawika bwino kukhala zipinda zogona mbali zonse za khonde. Mu 1993 nyumba yaikulu ya misonkhano, Pennsylvania Convention Center, inatsegulidwa pafupi pomwepo, ndipo meya Ed Rendell ankafunitsitsa zipinda zambiri za alendo. Mu 1997 kunalengezedwa kuti nsanjayi isanduka hotela ya Loews. Ntchitoyo inadya madola oposa 100 miliyoni, ndipo hotela ya zipinda 581 inatsegulidwa mu 2000, miyezi yochepa msonkhano waukulu wa chipani cha Republican usanachitike mumzindawu. Pomwe panali masitolo pali polandirira alendo. Holo ya banki ndi ya maukwati ndi misonkhano. Miyala ya mabo, mawindo aatali ndi mawotchi a Cartier zilipo, ndipo nsanjika ya 33, kumene kale kunkalowa akuluakulu okha, aliyense wokhoza kulipira angachitireko phwando. Chimene chinachotsedwa ndi kauntala yaitali imene anthu ankaperekerapo timabuku tawo. Ndikumva chifukwa chake, poti sungavine m'holo yodulidwa pakati, koma n'zomvetsa chisoni kuti chinthu chokhacho chimene wosungitsa wamba ankachigwira ndi manja ndicho chinasowa malo.

Nkhani ya banki sinathere pa kutsekedwa. Mmodzi mwa eni masheya akuluakulu amenenso anali m'bungwe loyang'anira Meritor, Frank Slattery, anasumira boma la America. Mfundo yake inali yakuti mu 1982 FDIC inalonjeza kuwerengera goodwill ija ngati mpamba, ndipo PSFS inameza Western podalira lonjezolo, koma pambuyo pake akuluakulu a boma oyang'anira mabanki anayamba kuchita ngati chumacho kulibe, n'kukakamiza banki kugulitsa nthambi zake zabwino. Mlanduwo unatenga zaka pafupifupi 20 ukuyenda m'makhothi. Oweruza anapeza kuti boma linaphwanyadi pangano, ndipo chipukutamisozi chimene chinatsimikizidwa pa apilo chinali madola 276 miliyoni. Chigamulocho sichikutsuka akuluakulu a Meritor pa ngongole zoipa zimene anabwereketsa ndi makampani amene anagula mosaganiza bwino. Chikungotsimikiza kuti boma linapempha banki yamphamvu kusenza mtolo umene unali wa FDIC, ndipo mtolowo utalemera linasintha mawu.